Makalata a omvera: Yesu, Yeshua kapena Yahshua?

Takulandirani omvera athu m'chigawo cha makalata. Sabata ino ambiri mwalemba nkhani imodzi, ya maina a Mulungu ndi a Mwana wake m'Chiheberi, ndiye ndasankhapo angapo. Maina anu sinditchula, ndingotchula komwe muli. Tiyambe ndi mayi a ku Ntcheu.

"Aulutsi, ndasowa mtendere pakhomo. Mwana wanga wachisamba wabwera kuchokera ku Joni ndi chipembedzo chachilendo. Akuti dzina lakuti Yesu ndi lachikunja, lochokera kwa mulungu wa Agiriki wotchedwa Zeus, ndipo dzina lenileni ndi Yahshua. Ndikamapempherera nsima, pongofika pakuti 'm'dzina la Yesu', iye amakankha mbale n'kutuluka panja. Akundiumiriza kuti ndikabatizidwenso. Ine ndinabatizidwa ndili mtsikana, ndipo ndine wa Mvano. Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikuitana dzina lolakwika?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Pali pamene mwana wanu akulondola, ndipo mumuvomere pamenepo. Ku Nazarete, Mariya akafuna kutuma mwana wake ankaitana kuti Yeshua. Dzinali ndi chidule cha Yehoshua, amene ife timati Yoswa, ndipo limanena za chipulumutso chochokera kwa Yehova. Pa Nehemiya 8:17 m'Chiheberi, Yoswa mwana wa Nuni walembedwa kuti Yeshua. Linali dzina lofala kwambiri, moti pa Akolose 4:11 Paulo akupereka moni wochokera kwa munthu wina, Yesu wotchedwa Yusto.

Nanga Yesu anachokera kuti? Zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe, Ayuda a mu mzinda wa Alexandria ku Egypt anayamba kumasulira malemba awo m'Chigiriki, chifukwa ana awo Chiheberi chinali chitawavuta. Atafika pa dzina la Yoswa anakumana ndi vuto: Chigiriki chilibe liwu la "sh", komanso maina ambiri a amuna amatha ndi "s". Choncho analemba Iesous. Amene anachita zimenezi anali Ayuda enieni, osunga Chilamulo. Za Zeus zija ndi nkhambakamwa. M'chaka cha 167 Khristu asanabadwe, mfumu ya Chigiriki ya ku Siriya, Antiochus, inasandutsa Kachisi wa ku Yerusalemu kukhala wa Zeus, ndipo Ayuda anatenga zida, ambiri n'kufera pomwepo. Anthu amenewo akanalola kuti Yoswa wawo azitchedwa ndi dzina la fano lomwelo, n'kumawerenga choncho m'masunagoge? Komanso taonani, inu mukamati Yesu muli pafupi kwambiri ndi Yeshua kusiyana ndi Mngelezi amene amati Jesus.

Dzina limene mwana wanu wabwera nalo ndilo lachilendo. Yahshua mulibe m'mipukutu yakale ya Chiheberi. Linatchuka ku America m'zaka za m'ma 1930, pakati pa anthu amene anachokera mu mpingo wa Church of God (Seventh Day). Mmodzi wa iwo, Clarence Dodd, anayamba magazini yotchedwa The Faith mu 1937, ndipo mu 1963 Angelo Traina anatulutsa Baibulo lake la maina opatulika. Iwo ankafuna kuti "Yah" wa dzina la Atate, Yahweh, amveke m'dzina la Mwana, basi n'kumuikamo.

Za ubatizo kambiranani ndi abusa anu, koma ine sindikuona chifukwa chobwereranso m'madzi. Pa nsima musakangane naye. Akafuna kupemphera kwa Yeshua muuzeni atsogolere pemphero, inu muti Amen.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo a ku Kasungu, akuti ndi mkulu wa mpingo.

"Ndinagulira mdzukulu wanga Baibulo. Potsegula Salimo 23 ndinapeza Chauta pamalo pamene langa lakale likuti Yehova. Makolo athu ankatchula Chauta pothira nsembe yopempha mvula. Anatibera dzina la Mulungu ndani?"

Bambo, palibe wakuberani. Limene munagulalo ndi Buku Loyera la 1998, pomwe lanu ndi Buku Lopatulika la 1922. M'Chiheberi dzinali limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo limapezeka koposa ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Alembi akale sankalemba mavawelo, wowerenga ankangodziwa yekha katchulidwe kake. Kenako Ayuda anasiya kulitchula chifukwa cha ulemu, monga mmene mtengwa sangaitanire apongozi ake ndi dzina, ngakhale akulidziwa bwino. Powerenga akafika pa zilembo zinayizo amati Adonai, kutanthauza Ambuye, ndipo pocheza amangoti HaShem, kutanthauza Dzinalo.

Patapita zaka mazana ambiri, alembi otchedwa Amasorete anayamba kuika timadontho ndi timizere kunsi kwa zilembo kuti katchulidwe kasatayike. Pa YHWH anaikapo timadontho ta Adonai, pokumbutsa wowerenga kuti anene Adonai. Akhristu a ku Ulaya anawerenga zilembo ndi timadontho pamodzi, n'kutuluka Jehovah. William Tyndale analiika m'Chingelezi mu 1530, ndipo kwa ife linafika kuti Yehova. Akatswiri ambiri lero amati katchulidwe kakale kanali pafupi ndi Yahweh. Chidutswa chake, Yah, mumachiimba sabata iliyonse mu Aleluya, ndipo chili kumapeto kwa Eliya, Yesaya, Yeremiya ndi Zekariya.

Omasulira Buku Loyera anasankha Chauta poona kuti ndi dzina limene Achewa ankamudziwira kale Mulungu wamkulu wopatsa mvula. Mutha kutsutsana nawo, ndipo alipo abusa ambiri amene sanakondwe nazo. Ine maganizo anga ndi akuti ngati Mulungu ndi Namalenga tinawalandira m'tchalitchi, ndipo awiriwa makolo athu ankawatchulanso pansi pa mtengo wa nsembe, n'kovuta kumukaniza Chauta pakhomo. Komabe Yehova ali ndi ubwino wake: mwana akamawerenga amazindikira kuti apa pali dzina lenileni la Mulungu wa Israele. Mdzukuluyo muwerengereni onse awiri.

Tsopano achimwene athu a ku Cape Town, amene alemba atapsa mtima ndithu.

"Ndamva mukulengeza kuti mukamba za maina. Ndikudziwa kale kuti musocheretsa anthu. Dzina silimasuliridwa. Phiri ndi Phiri ngakhale apite ku London. Machitidwe 4:12 akuti palibe dzina lina pansi pa thambo. Aroma anachotsa dzina la Yahuah m'Baibulo kuti tizipembedza milungu yawo. Werengani kalatayi yonse ngati simukuopa."

Ndawerenga yonse, achimwene, ndipo sindikuopa. Pali mfundo imene ili kumbali yanu: m'zidutswa zina zakale kwambiri za Chipangano Chakale cha Chigiriki, monga gumbwa wotchedwa Fouad 266 wopezeka ku Egypt, alembi anasiya dzina la Mulungu m'zilembo za Chiheberi pakati pa mawu a Chigiriki. Choncho analipo Ayuda amene ankaona monga mukuonera inu.

Koma vesi mwatchulalo analemba ndi Luka, m'Chigiriki, ndipo pa vesi 10 pomwepo dzina lili Iesous. Mipukutu ya Chigiriki ya Chipangano Chatsopano ilipo yoposa 5,000, ina yakale kuposa mfumu ya Aroma Constantine amene ambiri mumamuloza chala, ndipo palibe ndi umodzi womwe wolemba Yahuah kapena Yahshua. Paulo, Mfarisi wodziwa Chiheberi kuposa ine ndi inu, pa Aroma 10:13 akubwereza mawu a Yoweli 2:32 akuti aliyense woitana pa dzina la YHWH adzapulumuka, koma iye akulemba Kyrios, Ambuye. Olemba Mauthenga Abwino akafuna kusunga mawu monga anatulukira pakamwa pa Yesu ankatero: Talita kumi, Abba, Eloi Eloi. Njira ankaidziwa, koma pa dzina sanaigwiritse ntchito. Ndikufunseninso: inu mwalemba Yahuah, mwana wa mayi aja akuti Yahshua, ena amati Yahusha, ena Yahawashi. Ngati chipulumutso chagona pa katchulidwe, mwa magulu anuwo wopulumuka ndi uti? Ndilembereninso, ndidzawerenga yonse.

Mtsikana wa Fomu 4 ku Zomba wafunsa funso limene ndalikonda.

"Malume, ngati Yesu anali Myuda, bwanji Ayuda ambiri samuvomera kuti ndi Mesiya? Nanga ma Messianic amene ndimawaona pa YouTube atafunda nsalu za mphonje ndi ndani?"

Mwanawe, Mesiya m'Chiheberi ndi Mashiach, wodzozedwa, ndipo Khristu ndi mawu omwewo m'Chigiriki, monga Yohane 1:41 akufotokozera. Mafumu ndi akulu a ansembe ankadzozedwa ndi mafuta, ndipo pa Yesaya 45:1 ngakhale Koresi, mfumu ya Perisiya, akutchedwa wodzozedwa. Ayuda amayembekezera mfumu ya fuko la Davide imene idzasonkhanitsa obalalika, kumanganso Kachisi ndi kuthetsa nkhondo, malupanga n'kusulidwa kukhala makasu monga pa Yesaya 2:4. Iwo amati yang'anani dziko, nkhondo zikadalipo, ndiye sanabwere. Akhristu amayankha ndi Yesaya 53, mtumiki wozunzika chifukwa cha machimo a ena, n'kumati zotsalazo zidzakwaniritsidwa pa kubweranso kwake. Arabi ambiri, aphunzitsi a Chiyuda, amawerenga mutu womwewo kuti mtumikiyo ndi mtundu wa Israele. Mkangano wagona pamenepo.

Kumbukiranso kuti Ayuda anapsapo kangapo. Myuda wina, Bar Kokhba, anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Aroma kuyambira chaka cha 132 mpaka 135 Khristu atabadwa, Rabi Akiva akumutcha Mesiya, ndipo mapeto ake anali imfa ndi kubalalika. Sabbatai Zevi anakopa Ayuda ambirimbiri mu 1665, koma chaka chotsatira, mfumu ya Turkey itamuopseza, analowa Chisilamu.

Ma Messianic enieni ndi Ayuda amene amakhulupirira Yesu koma akusungabe Sabata, Paska ndi miyambo ya makolo awo. Joseph Rabinowitz anayambitsa mpingo wotere mu mzinda wa Kishinev, ku Moldova wa lero, m'zaka za m'ma 1880, ndipo Moishe Rosen anakhazikitsa Jews for Jesus ku San Francisco mu 1973. Ayuda anzawo amawaona ngati Akhristu, moti mu 1989 khoti lalikulu la Israel linagamula kuti Myuda wokhulupirira Yesu walowa chipembedzo china pa nkhani ya lamulo lopereka unzika kwa Ayuda obwerera kwawo. Iwowa amati Yeshua chifukwa ndi chiyankhulo chawo, ndipo ambiri sanyoza Mkhristu wonena Yesu. Usawasokoneze ndi magulu a maina opatulika aja. Ena a pa YouTube si Ayuda ayi, ndi anthu a mitundu ina amene akonda zinthu za Chiyuda. Ngati amenewo ayenera kusunga Chilamulo cha Mose, atumwi anakhalirapo kale pansi pa Machitidwe 15. Kawerenge mutu wonsewo, ukuthandizanso pa mayeso a Bible Knowledge.

Wotsiriza ndi uthenga wa pa foni wochokera ku Chipata: "Akuti Amen ndi mulungu wa Aigupto, zoona?" Ayi bambo. Wa ku Egypt uja ndi Amun, kufanana kwake n'kwa m'khutu chabe. Amen ndi Chiheberi, kutanthauza kuti zoonadi, zikhale choncho, ndipo pa Deuteronomo 27 Mose akulamula anthu onse kuti aziyankha motero.

Nthawi yatithera. Agogo a ku Dedza amene mwafunsa za lipenga la nyanga ya nkhosa lotchedwa shofar, komanso mayi a ku Tete a funso la Sabata ndi Lamulungu, makalata anu ndawasunga, tidzayamba ndi inu sabata yamawa.