Siling'i ikayamba kudontha: nkhani ya pamsonkhano wa bungwe lathu ku Rosettenville

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nonse mwamva zomwe zagwera mlongo wathu wina wa m'bungwe lino sabata yathayi, dzina sinditchula. Siling'i ya kuchipinda cha ana inagwa usiku, madzi otentha onse pabedi. Mulungu ndi wamkulu, anawo tsiku limenelo anagona pabalaza. Nditapita kukaona ndinafunsa kuti banga lachikasu la pasiling'ipo linayamba liti. Akuti kalekale, ndipo bambo a m'nyumbamo anangogula penti n'kupakapo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Giza, thanki yotenthetsa madzi ija, inali itadyeka ndi dzimbiri, ikutulutsa madzi pang'onopang'ono mpaka siling'i inalefuka.

Kumudzi denga likamadontha, masana umangoyang'ana m'mwamba n'kuona kuwala pabowo la msomali. Kuno ku Joni siling'i imabisa zonse, ndipo pamwamba pakepo pali mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi giza. Giza yomwe ili m'nyumba zambiri ndi ya malita 150. Amenewo ndi makilogalamu 150 a madzi otentha ali pamutu panu mukugona.

Ndiye mawu anga oyamba ndi awa: mukaona madzi m'siling'i, zimitsani magetsi musanagwire chilichonse. Pitani pa DB, bokosi la maswitchi a magetsi lija, tsitsani switchi ya giza ndi ya mababu. Ngati madzi akutulukira pa babu penipeni, tsitsani switchi yaikulu. Amayi, ndikudziwa kuti mumayamba mwathamangira ndowa ndi chikolopa, muli osavala nsapato, pansi ponyowa. Ayi. Magetsi poyamba, ndowa pambuyo.

Tsopano madziwo akuchokera kuti? Pomwe akudonthera nthawi zambiri si pomwe alowera. Madzi amatsetsereka pamtengo wa denga kapena papaipi, n'kukagwera kutali. Ku Turffontein ndinapeza munthu atang'amba siling'i yonse ya pabalaza kufunafuna bowo, pomwe tailosi losweka linali pamwamba pa khitchini. Musathamangire kung'amba. Yambani mwadzifunsa kuti kodi pamadontha nthawi yanji. Funso limeneli ndilo limandipezera ine mayankho ndisanakwere n'komwe makwerero.

Ngati pamadontha mvula ikagwa, dzuwa likawala n'kuuma, vuto lili padenga. Mvula ya kuno mukuidziwa, kuyambira Okutobala mpaka cha m'Malichi, imabwera madzulo ndi chimphepo, ziphaliwali, nthawi zina matalala akuluakulu. Matalala amaswa matailosi, mphepo imawasuntha. Pa malata, timalabala ta pansi pa misomali timauma ndi dzuwa n'kung'ambika. Koma malo omwe ine ndimayambira ndi pomwe madenga awiri akumana, ndi pomwe denga lagundana ndi khoma. Masamba amadzaza pamenepo. Mitengo ya jakaranda ija timaijambula mu Novembala n'kutumiza zithunzi kumudzi, maluwa ake ndi masamba ake amatseka njira ya madzi m'mphepete mwa denga, madzi n'kubwerera m'kati.

Ngati pakudontha usana ndi usiku, mu Juni kapena Julayi kulibe ndi mtambo womwe, lisiyeni denga. Imeneyo ndi paipi kapena giza. Yesani chonchi, palibe cholipira: tsekani mipopi yonse, musagwiritse ntchito chimbudzi, pitani pa mita ya madzi panja, jambulani manambala ndi foni. Dikirani ola limodzi, mukaonenso. Manambala akasuntha, madzi akuthawa penapake. Kenako tsekani valavu yolowetsa madzi mu giza, muyesenso. Mita ikaima, mwadziwa kuti vuto lili ku giza kapena kumapaipi a madzi otentha. Amene mumakhala pabwalo limodzi mabanja ambiri, mita ndi imodzi, ndiye gwirizanani kaye, apo ayi wina adzatunga madzi ophikira nsima inu n'kumayesa paipi yaphulika.

Zungulirani nyumba, muyang'ane timapaipi totulukira pakhoma m'munsi mwa denga. Kapaipi kamodzi kamadontha pang'ono giza ikamatenthetsa madzi, zimenezo ndi zabwinobwino. Koma paipi yachitsulo ikamalavula madzi otentha ndi nthunzi, giza ikupitirira muyeso wa kutentha, zimitsani msanga. Palinso paipi yaikulupo yochokera pa thireyi yomwe imakhala pansi pa giza. Imeneyo iyenera kukhala youma. Mukaona madzi mmenemo, giza ikudontha.

Komanso masiku ano madzi akumathima pafupipafupi. Akamabwerera amabwera ndi mphamvu ndi mpweya, mapaipi akale n'kumasuka m'mfundo. Madzi akabwera, kwezani maso muone siling'i.

(Mayi wina: "Pepani achimwene, koma ambirife ndi alendi. Ukawauza alandilodi amati wawononga ndiwe, akudula dipoziti, mwinanso akuthamangitsa. Si bwino kungoika ndowa n'kukhala chete?")

Zikomo mayi, mwafunsira anthu ambiri. Ndikuona mitu ikugwedezeka. Mantha amenewa ndimawadziwa, ndife alendo m'dziko muno ndipo palibe amene amafuna mkangano ndi eni nyumba. Koma taganizani. Mukanena lero, ndi tailosi limodzi kapena valavu imodzi. Mukakhala chete miyezi itatu, siling'i yagwa, makabati afufuma, matiresi anu aola, ndipo pamenepo ndi pomwe adzakulozeni chala kuti bwanji simunanene. Kukhala chete ndiko kumadyetsa dipoziti. Denga, giza ndi mapaipi a m'khoma, kukonza kwake ndi udindo wa mwini nyumba, pokhapokha ngati mwawononga ndinu. Wanu udindo ndi kunena msanga, ndipo nenani molemba. Jambulani banga, tumizani pa WhatsApp, tsiku lioneke, uthengawo musafufute. Zokambirana pageti zimaiwalika. Akakana kapena akangokhala duu, kuno ku Gauteng kuli Rental Housing Tribunal, yomwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1999 loona za nyumba za lendi. Amamva madandaulo a alendi ndi a eni nyumba, ndipo salipiritsa. Chomwe ndikukupemphani, musangosiya kulipira lendi mwa inu nokha chifukwa chokwiya, mudzakhala mwawapatsa chifukwa. Ndipo mayi, ndowa ija siteteza mwana. Siling'i yonyowa imamera nkhungu yakuda, ana n'kumatsokomola chaka chonse, makamaka amene ali ndi mphumu. Ndayankha? Zikomo.

Amene muli m'mafulati ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville, pamwamba panu si denga, ndi bafa la munthu. Pakamadontha m'mawa ndi madzulo okha, nthawi yosamba, kagogodeni mwaulemu. Musapite ndi ukali, mwina iwo sakudziwa n'komwe. Apempheni atsegule shawa inu muli pansi mukuyang'ana, kenako sinki, kenako chimbudzi, chimodzichimodzi. Madzi onunkha ndi a paipi yotaya zonyansa, musawagwire ndi manja, uzani woyang'anira fulati tsiku lomwelo.

Ndipo a m'tizipinda ta kuseri ta malata ku Diepsloot ndi ku Alexandra, nthawi yozizira malata amatuluka thukuta m'mamawa. Mwaphika momwemo, mwayanika zovala momwemo, mawindo otseka. Nthunziyo ikagunda lata lozizira imasanduka madontho. Denga silinabooke ayi, tsegulani windo pang'ono.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ndipo mpunga wafika. Ndithamange. Magetsi, zimitsani. Chotsani ana ndi katundu pansipo. Siling'i ikatupa ngati ikufuna kugwa, ikani ndowa, boolani kabowo kakang'ono pakati pa chotupacho madzi atsike, inu muime pambali, ndipo samalani, angakhale otentha. Zungulizani banga ndi pensulo kuti mawa muone ngati lakula. Abambo olowa m'denga, tochi m'manja, wina agwire makwerero, pondani pamitengo yokha. Siling'i sinyamula munthu, mudzatulukira pabalaza ndi mwendo wothyoka. Tsatirani kunyowako chokwera mpaka pomwe mtengo wauma, gwero lili pamenepo. Kukakhala kouma, wina athire madzi padenga ndi paipi kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono, wina ali m'kati akuyang'ana. Madenga akale otuwa a asibesitosi, omwe analetsedwa muno mu 2008 koma akadalipo m'nyumba zambiri, musakwerepo, musaboole, fumbi lake limawononga mapapo. Giza musamasule nokha, itanani pulambala wa mapepala ake, chifukwa a inshuwalansi amafunsa kuti anagwirapo ndani. Penti mudzapake siling'i itauma ndipo gwero litatsekedwa. Magetsi aja musayatse mpaka wodziwa ataona kuti mawaya auma.

Amene muli ndi banga kunyumba panopa mundipeze pakhomopo tikamatuluka, mundionetse chithunzi. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.