Kuwala Kootcha ndi Madzi Odula Chitsulo: Kugwiritsa Ntchito Laser ndi Waterjet mu Wekishopu ya Anthu Ambiri

(Kamera ili patebulo. Pali zidutswa ziwiri za pulasitiki zoonekera mkati, zofanana kukula.)

Moni nonse, takulandirani. Tayang'anani zidutswa ziwirizi. Zonse zikuoneka ngati galasi, zonse n'zokhuthala mamilimita 3. Nditati mundisiyanitsire, ambiri mungangokanda mutu. Komatu cha kumanjachi ndi acrylic. Ndikachiika mu laser, makina odula ndi kuwala, chidulika bwinobwino, m'mphepete mwake muchita kunyezimira ngati wina wapukutamo. Cha kumanzerechi ndi PVC. Ndikachiika m'makina omwewo chitulutsa utsi wa hydrogen chloride, umene ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi. Asidiyo amapsereza m'mapapo, ndipo amadya zitsulo za m'kati mwa makina mpaka kugwira dzimbiri.

Makinawa alibe maso. Sadziwa chimene mwawapatsa, amangotsata zimene kompyuta yawauza. Ndiye mu wekishopu yomwe anthu makumi angapo amalandizana makina amodzi, cholakwa cha munthu mmodzi chimakagwera wina amene sanalipo n'komwe. Wodula PVC uja amanyamula zake n'kumapita akumwetulira, wobwera sabata yamawa ndiye amapeza makina akulira modandaula, lens itachita khungu.

Tiyambe ndi laser, poti ndiyo anthu amaithamangira.

(Kamera ikuonetsa m'kati mwa laser, chivindikiro chili chotsegula.)

Laser yopezeka m'mawekishopu ambiri otere ndi ya CO2, mtundu umene Kumar Patel anautulukira ku Bell Labs mu 1964. Kumbuyo kuno kuli chubu chagalasi chokhala ndi mpweya. Magetsi akadutsamo mumatuluka kuwala kumene maso a munthu sakuona. Kadontho kofiira mukukaona pathabwapa musakayese laser, n'kolozera chabe. Kuwala kwenikweniko kumagunda pa akalilole atatu, n'kudzera pa lens iyi, yomwe imakusonkhanitsa pamalo ang'onoang'ono ngati nsonga ya singano. Amene munaotchapo pepala padzuwa ndi galasi lokuzira zinthu mwamva kale mmene zimachitikira. Laser sicheka ngati sowo, imaotcha. Zonse zochitika m'bokosi ili ndi moto, kungoti ndi moto woweta.

Ndipo moto woweta umafuna zinthu zitatu zikhale zoyatsa musanadine batani. Fani yokoka utsi n'kuutulutsa kunja. Kapampu kouzira mpweya pamalo pomwe pakudulidwa, kamene kamathimitsa timalawi ndi kuteteza lens ku mwaye. Ndiponso chiller, makina oziziritsa madzi oyenda mozungulira chubu chija. Mukaiwala chiller, chubu chimatentha n'kuwonongeka, ndipo tsikulo anzanu onse omwe analembetsa nthawi pambuyo panu abwerera manjamanja.

Zodula pa laser ya CO2 ndi monga acrylic, plywood, MDF (thabwa la utuchi womatikiza), katoni, pepala, nsalu, ndi chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo. Zoletsedwa ndiye mverani bwino. PVC tanena kale, koma vuto lake imabisala. Chikopa chabodza chopangira zikwama ndi mipando nthawi zambiri chimakhala PVC, chimodzimodzi mapepala omata a zikwangwani. Polycarbonate imafanana kwambiri ndi acrylic koma sidulika bwino, imangopsa n'kuchita chikasu ndi mwaye. Pulasitiki ya ABS imasungunuka n'kutulutsa utsi wapoizoni. Thovu la polystyrene limangolilima moto. Chikopa chofufutidwa ndi chromium nachonso ayi.

Nanga mwatola chidutswa m'bokosi la zotsala, palibe cholembedwa, mutani? Pali njira yakale ya akatswiri a mankhwala, yotchedwa ndi dzina la Friedrich Beilstein. Taonani.

(Pafupi: waya wa kopa ali pamoto wa gasi, panja.)

Ndatenthetsa waya wa kopa mpaka wafiira. Ndikumugunditsa papulasitiki kuti kachidutswa kamatirire, kenako ndikumubwezera pamoto. Mwaliona lawi lobiriwiralo? Ndiye kuti muli chlorine, chidutswachi chisayandikire laser. Chitirani izi panja kapena pamalo opita mphepo. Koma musakhulupirire waya yekha, chifukwa polycarbonate ndi ABS sizionetsa lawi lobiriwira, chonsecho n'zoletsedwa. Ine lamulo langa n'lakuti chimene sindikudziwa dzina lake sindichidula. Funsani woyang'anira wekishopu, paja safunsa anadya phula.

Tsopano kudula kwenikweniko. Choyamba ikani focus, kutanthauza mpata woyenera pakati pa lens ndi thabwa. Makina ambiri amakhala ndi kachipangizo koyezera mpatawo. Mukauphonya ndi mamilimita awiri okha, mzere umatuluka wonenepa, wakuda, ndipo sufika pansi. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, amangowonjezera mphamvu mpaka thabwa kupserera, pomwe vuto linali focus kapena lens yakuda. Chachiwiri, yesani kaye pakachidutswa kapambali. Manambala a liwiro ndi mphamvu omwe anamatidwa pakhoma ndi poyambira chabe. Plywood awiri okhuthala mofanana amatha kudulika mosiyana chifukwa cha guluu wa m'kati mwake.

Mufayilo yanu, kaya ndi ya SVG kapena DXF, konzani kuti timabowo ta m'kati tidulidwe poyamba, mzere wakunja pomaliza. Mukayamba ndi kunja, chidutswa chimamasuka, chimatsika kapena kusuntha pang'ono, ndiye timabowo timakathera pena. Muonenso ngati palibe mizere iwiri yosanjikizana, chifukwa makina adutsapo kawiri n'kupsereza. Kumbukiraninso kuti laser imadya pafupifupi mamilimita 0.1 mpaka 0.2 a thabwa pamzere uliwonse. Zikumveka zochepa, koma ngati mukupanga bokosi la mano olowana, ndi zomwe zimachititsa kuti likhale lothina bwino kapena logwedera.

Ndipo makina akayamba, musachoke. Ndikunena izi ngati munthu amene zinandionekera. Tsiku lina ndinkadula katoni, ntchito ya mphindi zinayi basi. Foni inalira, ndinatuluka pakhomo kuti ndimve bwino. Pobwerera ndinapeza m'bokosi muli lawi, katoni ikuyaka kuchokera kunsi, komwe tizidutswa ta anthu ena tinaunjikana m'chisa cha njuchi chija, ndikunena tebulo la timabowo pomwe timagoneka thabwa. Ndinazimitsa, koma lamba woyendetsa mutu wa makina anali atasungunuka kale. Mlandu unali wanga, sindikukana. Koma nkhuni za motowo zinali zinyalala zomwe tonse tinkangozisiya.

Siyanitsani malawi awiri. Kalawi kakang'ono koyenda limodzi ndi mutu wa makina n'kuzima kokha kamachitika, makamaka pa acrylic ndi plywood. Koma lawi lotsalira m'mbuyo, mutu utadutsa kale, umenewo ndi moto. Dinani batani lofiira loimitsira zonse, thimitsani kapampu ka mpweya kaja, phimbani ndi bulangeti lozimitsira moto kapena gwiritsani chozimitsira cha CO2. Cha ufa chimaipitsa magalasi ndi mawaya onse, koma ngati ndi chokhacho chili pafupi, musaime n'kumawerengera.

(Kamera ikusamukira ku waterjet. Phokoso la pampu likumveka chapansipansi.)

Uku ndiye kwa akuluakulu. Laser yathu ya mawati 80 kapena 100 singaboole chitsulo. Makina awa amadula chitsulo chokhuthala masentimita angapo, aluminiyamu, mwala wa granite, matailosi, labala, zonsezi ndi madzi.

Madzi amadula bwanji chitsulo? Pampu iyi imawapanikiza kufika pafupifupi 4,000 bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar awiri ndi pang'ono, ndiye werengerani nokha. Madziwo amatulukira pakabowo kochepera theka la milimita, koboola pamwala wa sapphire, ruby kapena dayamondi, ndipo amathamanga kuposa kawiri liwiro la phokoso. Madzi okha amatha kudula zofewa monga thovu ndi labala. Koma pa zolimba, chimene chimagwira ntchito ndi ichi.

(Pafupi: dzanja lili ndi mchenga wofiirira.)

Uwu ndi mchenga wa garnet. Liwiro la madzi limaukoka kulowa m'kachubu kosakanizira ka tungsten carbide, n'kuuponya pachitsulo. Choncho madzi ndi onyamula chabe, wopala chitsulo ndi mchengawu. Njira yothira mchengayi inakhwima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo dzina lotchuka pa ntchitoyo ndi la injiniya Mohamed Hashish wa kampani ya Flow ku America. Ubwino waukulu wodula ndi madzi n'ngwakuti sipakhala kutentha. Chitsulo sichipindika, sichisintha mtundu, ndipo m'mphepete simuuma gwa monga zimachitikira mukadula ndi moto.

Mchengawu umatha msanga, magalamu 300 mpaka 500 pa mphindi iliyonse malinga ndi kukula kwa nozzle, kachubu kosakanizira kaja, ndipo umadana ndi chinyezi. Wina akasiya thumba lotsegula pafupi ndi thanki, umaumbika timibulu n'kutseka paipi. Mukatero mumamva kulira kwa makina kwasintha, madzi ayamba kuthovokera m'mwamba m'malo moboola. Imitsani pomwepo. Mukakakamira, madzi amabwerera m'paipi ya mchenga, ndiye masana onse mukhala mukuumitsa ndi kutokosa.

Chinthu chodulidwa chimagona pa timipanda tachitsulo pamwamba pa thanki yamadzi. Chimangeni kapena chitsindireni ndi zolemera, chifukwa madzi obwerera kuchokera pansi amatha kunyamula lata lopepuka. Nozzle ikhale pafupi, milimita imodzi ndi theka kapena awiri pamwamba pake. Tizidutswa ting'onoting'ono tisiyireni kamlatho kotigwiriziza ku chitsulo chachikulu, mudzathyola ndi dzanja pomaliza. Popanda kamlathoko, kachidutswa kamamira m'matope a pansi pa thanki osaonekanso, kapena kamapendekeka n'kuimirira, nozzle n'kudzakagunda. Tungsten carbide ndi yolimba zedi koma imathyoka ngati mbale yadothi.

Nthawi yovuta kwambiri ndi yoboola poyambira. Konzani fayilo kuti makina aboole pambali, pa gawo lotayidwa, kenako alowe mumzere. Pa galasi, mwala ndi zinthu zomatikiza monga carbon fibre, boolani ndi mphamvu yochepa kaye, apo ayi zing'aluka kapena kumatuka. Galasi la tempered, lija lolimbitsidwa ndi kutentha, ndiye musayerekeze. Lili ndi mphamvu yomangika m'kati mwake, madzi akangolibaya lonse limasweka kukhala tizidutswa ngati mchere wamibulu. Matabwa amadulika, koma amamwa madzi n'kufufuma, bola kuwapititsa ku laser.

Mukathamangitsa makina, mpata wodulidwa umakhala waukulu pamwamba, wopapatiza pansi, ndipo kunsi kumatsala mizere yokhota. Mukachedwetsa, m'mphepete mumasalala koma mchenga ndi nthawi zimapita zambiri. Ngati chinthucho mukukachiwotcherera, palibe chifukwa chotsekera anzanu makina ola lathunthu pofuna kusalala kumene palibe adzakuone.

Za chitetezo apa ndilankhula mosaseka. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Ngati makina amalola kukweza madzi a m'thanki kuti chodulidwa chimire pang'ono, terani, phokoso ndi nthunzi zimachepa kwambiri. Dzanja lisafike patebulo pampu ili moyaka, ndipo magolovesi asakunamizeni, madzi odula chitsulo sangaime pa golovesi. Mukaona paipi ikudontha kapena kutulutsa kankhungu, musafufuze ndi chala. Thimitsani, dikirani mphamvu itsike, itanani woyang'anira.

Bala la waterjet ndi lachinyengo. Kunja limaoneka ngati wabayidwa ndi singano, mwina osatuluka magazi ambiri, pomwe m'kati madzi, mchenga ndi tizilombo zayenda kutali m'mnofu. Wovulala apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo auze madokotala momveka kuti walasidwa ndi madzi a mphamvu kwambiri okhala ndi mchenga, chifukwa bala lotere limafuna dokotala wa opaleshoni alione msanga. N'chifukwa chake opanga makinawa amapereka kakhadi kofotokozera madokotala. Dziwani pomwe kamakhala mu wekishopu yanu. Madzi a m'thanki nawonso si aukhondo, ndipo timipanda tija timadyeka n'kuthwa ngati mpeni, choncho ngati muli ndi chilonda padzanja chiphimbeni.

Mukamaliza, tsukani chitsulo chanu ndi madzi oyera n'kuchipukuta pompo, chifukwa chitsulo wamba chodulidwa kumene sichichedwa kugwira dzimbiri. Tsukani mchenga patebulo, tsekani thumba la garnet. Ku laser, kokani thireyi yapansi mutaye zinyalala zonse, ndipo fani isiyeni iyende kanthawi utsi uthe musanatsegule. Lens musaipukute ndi malaya. Ili ndi mapepala ake ndi mankhwala ake, ndipo m'mawekishopu ambiri amaigwira okhawo amene anaphunzitsidwa.

Kenako buku. Pafupi ndi makina pamakhala buku kapena fomu ya pakompyuta. Lembanimo zoona. Ngati nozzle inagunda chitsulo, lembani, ngakhale ikuoneka yabwinobwino. Ngati laser inafuna maulendo awiri kudula chimene dzulo inkadula kamodzi, lembani, chifukwa ndi mmene woyang'anira amadziwira kuti akalilole asuntha kapena chubu chayamba kutopa. Ine za lamba uja ndinalemba dzanja likunjenjemera, koma palibe anandidya.

(Kamera ikubwerera ku zidutswa ziwiri zija. Wolankhula akutenga cholembera cha inki yosafufutika.)

Zidutswa zathu zija. Ichi ndikulembapo kuti acrylic, mamilimita 3, chipite m'bokosi la zotsala. Ichi ndikulembapo PVC mbali zonse ziwiri, ndipo m'bokosimo sichilowa, ndikupita nacho ku waterjet, kumene chikadulike popanda utsi.