Ndine, ndili, ndili ndi: Chisipanishi cha pa kauntala

Moni nonse amene mukumvetsera, kuno ku Madrid. Lero tikambe za mawu anayi amene amapunthwitsa obwera kumene: ser, estar, tener ndi haber. Musawaphunzire kudzera m'Chingerezi, chifukwa kumeneko "ndine" ndi "ndili" ndi chinthu chimodzi. Chichewa chinawasiyanitsa kale.

Pamene mumati "ndine", ikani ser: soy enfermera, ndine namwino, soy de Malaui, ndine wa ku Malawi. Pamene mumati "ndili", ikani estar: estoy en Madrid, estoy bien. Ngakhale moni amayendera pomwepo: ¿cómo estás? ndi "uli bwanji", pomwe kwa munthu wamkulu mumati ¿cómo está usted?, "muli bwanji".

Pali malo amodzi pamene Chichewa chingakusocheretseni. Ife timati msonkhano uli kwakuti, koma kuno malo a chochitika amatenga ser. Nyumba ya apolisi ndi la comisaría está en el centro, koma tsiku limene akupatsani lokadinda zala ndi la cita es en la comisaría. Nthawi nayo ndi ser: son las nueve.

Tsono tcherani khutu, apa ndi pamene anthu amachita manyazi. Mawu ena amasintha tanthauzo malinga ndi mneni amene mwaika patsogolo. Mukaimbira abwana m'mawa n'kunena kuti soy malo, mwaulula kuti ndinu munthu woipa. Kudwala ndi estoy malo, kapena estoy mala kwa amayi. Soy listo ndi kudzitama kuti ndinu wochenjera, pomwe estoy listo ndi "ndakonzeka". Soy aburrido ndiye kuti inuyo ndi amene mumatopetsa anzanu.

Tener ndi "ndili ndi" wathu yemweyu, ndipo apa tili ndi mwayi: tengo hambre, ndili ndi njala, tengo sed, ludzu, tengo miedo, mantha, tengo 30 años, zaka 30. Ku centro de salud, chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, yambani ndi tengo cita a las diez, "anandipatsa nthawi ya 10 koloko". Kutentha ndi kuzizira kwa m'thupi kumalowanso momwemu: tengo calor, tengo frío. Mu Julaye dzuwa likaswa mtengo musayerekeze kunena kuti estoy caliente; mawu amenewo ndi a kuchipinda, si a mu basi. Za nyengo ya kunja amati hace calor.

Tengo que trabajar ndi "ndiyenera kugwira ntchito" ineyo, pomwe hay que pagar, "pafunika kulipira", ndi lamulo la aliyense. Hay ameneyu amachokera ku haber, ndipo ndi "pali", "kuli" ndi "muli" pamodzi. Sasintha, kaya chinthu n'chimodzi kapena khumi: hay una habitación, hay diez personas. Mudzamuwerenga kwambiri pa intaneti pofuna tsiku lokakonzetsa khadi ya TIE, chiphaso cha alendo okhala ku Spain, kompyuta ikukuyankhani m'mawa uliwonse kuti no hay citas disponibles, palibe tsiku lopezeka.