Kukhala ku Bvumbwe n'kumagwira ntchito ku Blantyre: kodi n'kotchipadi?

Moni nonse owonera. Lero tili ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, pamsewu wa M2 wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo tikuyankha funso limene ambiri mwakhala mukunditumizira: kodi munthu wogwira ntchito mumzinda wa Blantyre angathe kusamukira kuno n'kumayendera tsiku ndi tsiku? Mudikire mfundo yachitatu, chifukwa ndiyo imagwetsa anthu m'ngongole.

Choyamba ndi nyengo. Kuno n'kozizira, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa zovala zimatha masiku zili pachingwe osauma, choncho bwerani ndi juzi ndi bulangete.

Chachiwiri ndi chakudya. Kabichi, tomato ndi masamba zimachokera m'madimba apafupi, alimi a ng'ombe za mkaka aliponso ambiri, ndipo n'kuno komwe kuli malo aboma ofufuzira za ulimi. Pa ndiwo simudzadandaula.

Tsopano chachitatu, ndipo pamenepa mundilole nditalikitse, chifukwa bodza limeneli limandinyansa. Anthu amati kukhala kunja kwa mzinda n'kotchipa popeza lendi ndi yotsika. Kuti lendi ndi yotsika n'zoona, koma tengani cholembera tiwerengere limodzi. Munthu wogwira ntchito pakati pa mzinda wa Blantyre kapena ku Ginnery Corner nthawi zambiri amakwera minibasi ziwiri popita, yoyamba yokatsikira ku Limbe ndi yachiwiri yomufikitsa kuntchito, ndipo madzulo amakweranso ziwiri. Pa masiku 22 ogwira ntchito, kumeneko ndi kukwera ka 88 pamwezi, tisanawerengere wakabaza amene amakutengani kuchokera kunyumba kukafika pasiteji ngati nyumba yotchipayo ili kutali ndi msewu, monga mmene nyumba zotchipa zimakhalira. Ngati mwana wanu akuphunziranso m'tauni, wonjezerani maulendo akewo.

Chowawa kwambiri n'chakuti mwininyumba amakuchenjezani asanakweze lendi, pamene kondakitala sachenjeza munthu. Kumbukirani mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: mafuta anakwera mtengo, ndipo mitengo ya minibasi inatsatira pomwepo, malipiro a anthu ali pomwe analili. Mafuta akasowa, kapena mvula ikakupezani pa Limbe kutada, mtengo amatchula ndi kondakitala, inu n'kungokwera chifukwa simungagone padepoti. Amene muli ndi galimoto musaseke, pakuti mzere wa mafuta ukudikirani inunso. Palinso nthawi, imene ambiri saiwerengera. Minibasi sinyamuka isanadzaze, imaima pa Chigumula ndi paliponse pamene woitanira waona munthu, moti kuti mufike kuntchito nthawi yabwino muyenera kutuluka m'nyumba kukadali mdima, ana akugona, ndipo pobwera mumawapezanso akusinza. Kodi bata limene munasamukira lija mumalimva liti?

Sindikunena kuti palibe amene amapindula. Wopuma pantchito, wogwira ntchito yake pa intaneti, kapena wamalonda amene amapita m'tauni kawiri pasabata amasungadi ndalama. Koma inu oyendera tsiku lililonse, phatikizani lendi ndi thiransipoti, kenako muyerekeze ndi nyumba ya ku Bangwe kapena ku Chigumula musananyamule katundu. Ngati mawerengedwe amenewa akuthandizani, dinani batani la subscribe, ndipo vidiyoyi muitumize kwa mbale wanu amene wayamba kale kumanga mitolo.

Chachinayi ndi malo omangapo nyumba. Ku Thyolo malo ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu linatengedwa ndi minda ya tiyi, ndipo malo ambiri a m'midzi ndi a mbumba yonse, osati a munthu mmodzi amene wakupezani pamsika. Musapereke ndalama musanaonane ndi amfumu komanso mwinimbumba, ndipo mufunse ku ofesi ya za malo mmene lamulo la malo a makolo la 2016 likukukhudzirani.

Chachisanu n'chachifupi. Kuno anthu amadziwana, kotero maliro akachitika m'mudzi mukuyembekezeka kukapepesa ndi kusonkha, ngakhale mutakhala mlendo wa miyezi iwiri, ndipo mukajomba anthu amaona. Sabata yamawa tidzakhala ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, kukawerengera chimodzimodzi anthu ogwira ntchito ku Lilongwe.