Achimwene, za inshuwalansi ya ulendo wa amayi

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndati ndijambule mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali kuti ndilembe. Mukamvera, muwamvetsenso bambo ndi amalume, paja ndi amene ankati ndalama ya inshuwalansi ndi yongotaya.

Viza ya amayi yatuluka, tithokoze Mulungu. Koma ndi viza ya mlendo, ya miyezi 6, ndipo siwapatsa mwayi wogonekedwa m'chipatala kwaulere. Kumudziko anthu amangomva kuti ku UK chipatala n'chaulere. Ee, n'chaulere kwa ife okhala kuno. Mlendo akapita kwa dokotala wa m'dera, amene timati GP, salipira. Ambulansi ikamutengera ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, salipiranso. Koma madokotala akangoti ameneyu agonekedwe mu wodi, bilu yayambapo. Ndiye kuno ku England, kuyambira 2015, mlendo amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo wa NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma kuno. Chithandizo cha mapaundi 1,000, iye amalipira 1,500. Muwerengetsere nokha m'makwacha. Akakhala matenda oopsa ngati sitiroko, samubweza munthu pakhomo, amamuthandiza kaye, koma bilu imamutsatira. Akakhala oti atha kudikira, amafuna ndalama yonse asanamugwire n'komwe.

Ndipo sizithera pomwepo. Ngongole ikafika mapaundi 500 n'kutha miyezi 2 osalipidwa, chipatala chimadziwitsa a Home Office, unduna woona za maviza, ndipo amayi atha kudzakanizidwa viza ulendo wina. Adzukulu awo ali kuno, achimwene. Ine sindingalole kuti khomo limeneli litsekeke chifukwa choumira kandalama kochepa lero.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti pofunsira viza ya UK sakufunsani pepala la inshuwalansi. Akanakhala kuti akupita ku France kapena ku Germany, viza ya Schengen sakanaiona n'komwe popanda inshuwalansi yofika mayuro 30,000. Kuno amangokusiya, zikakuonekera uziona wekha.

Tsopano apa ndiye mumvetsetse. Amayi amamwa mankhwala a BP ndi a shuga tsiku ndi tsiku. Pa fomu padzakhala funso loti, kodi munthuyu ali ndi matenda amene akudwala kale? Chonde chonde, mulembe zoona. Wina atha kukuuzani kuti ingochongani poti ayi, mtengo utsike. Musamumvere. Tsiku loti amayi agwa, kampaniyo isanatulutse tambala idzafuna kuona mbiri yawo ya kuchipatala, ndipo dokotala wa kuno adzakhala atalemba kale kuti akhala pa mankhwala zaka zambiri. Akangopeza kuti tinabisa, amakana kulipira, ndalama tinaperekayo n'kupita pachabe. Mutenge buku lawo la kuchipatala, mukopere mayina a mankhwala monga alembedwera. Mufunsenso mwachindunji kuti, kodi BP yomweyi ikawagwetsa ali ku UK, mudzalipira? Chifukwa inshuwalansi zina, makamaka zotchipazi, matenda akale sizikhudza ngakhale mutaulula. Zina zili ndi malire a zaka, ndiye muwauze zaka zenizeni za amayi. Yankho lawo lisakhale la pakamwa, akuonetseni pamene zalembedwa.

Chinachi n'chovuta kuchitchula, mundikhululukire, sikuti ndikuwalosera zoipa mayi anga. Muonetsetse kuti papepalapo pali zowabweza kumudzi. Akadwala kwambiri, kampani izilipira ndege ndi namwino wowaperekeza. Zikavutiratu, izilipira kunyamula thupi mpaka ku Malawi. Kuno m'magulu athu a WhatsApp timasonkha maliro pafupipafupi, ndipo kutumiza thupi kumadya mapaundi masauzande. Thupi limakhala masabata m'nyumba ya chisoni anthu akuyendetsa mbale, kumudzi abale atangokhala pa siwa osadziwa tsiku loika. Zimenezo zimandiwawa mtima, ndipo sindikufuna kuti bambo adzadutsemo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangogula ndili kuno. Makampani ambiri a kuno amagulitsa kwa anthu okhala muno okha, ndiye n'kwapafupi kuti mugule konko amayi asananyamuke. Pitani ku kampani ya inshuwalansi kapena komwe mukugula tikitiko. Masiku ake ayambe tsiku lonyamuka pa Kamuzu International Airport mpaka tsiku lotera pobwerera, kuphatikizapo maola osinthira ndege ku Addis Ababa. Ngati tsiku lobwerera tidzalisuntha, tidzawonjezere isanathe. Za sutikesi yosowa kapena ndege yochedwa zimakhalamonso, koma musataye nazo nthawi. Yang'anani ndalama ya chipatala, ikhale yaikulu, komanso ndalama imene timayamba talipira tokha kampani isanalowererepo.

Mankhwala awo atenge okwanira ulendo wonse, m'mapaketi ake, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi. Pepala la inshuwalansi likhale mu pasipoti, poti pali nambala yoimba usana ndi usiku, ndipo amafuna kuti tiwaimbire msanga munthu akangogonekedwa.

Ndalama yake ndilipira ine, musavutike nazo. Koma musapereke kanthu ndisanawerenge. Akakupatsani mapepalawo muwajambule masamba onse, ndi a timalemba ting'onoting'ono tomwe, munditumizire mawa madzulo. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.