Uthenga wa mawu ku gulu lomanga msasa wachete

Mwaswera bwanji nonse? Pepani ndi phokosoli, ndili kuno ku msika wa Kapata ku Chipata, ndikufuna luzi. Mvetserani mpaka kumapeto, chifukwa galimoto tiyenera kuigwira lero. Loweruka lomaliza la Ogasiti lili pafupi, malole onse adzakhala akututa anthu kupita ku Mkaika ku Kulamba, mwambo wa Achewa uja.

Nkhani ya malo omangapo msasa wathu wachete, wopumuliramo anthu otopa ndi phokoso. Dzulo ena mumati timange pansi pa mtengo wa mango uja chifukwa cha mthunzi. Ayi. Mtengowo wayang'anizana ndi masipika. Ife tipite kuseri kwa siteji, chakumbali, kutali ndi jenereta. Phokoso limachepa ndi mtunda. Ukachoka pa mamita 20 kufika pa 40 kuchokera pa masipika, latsika ndi madesibo 6 (ndiwo muyeso wa phokoso), ndipo kuti litsikenso chomwecho uyenera kukafika pa 80. Choncho yendani ndithu, musaope kuti anthu sadzatiwona. Wotopa ndi kuvina adzatifunafuna yekha.

Mpanda wa tsekera umachepetsako kulira kwa magitala ndi malikhweru, koma kugunda kuja kwa di! di! di! kumapyola ngati palibe kanthu. Musataye nako mphamvu. Chimene tichite n'kupatsa khutu kanthu kena kapafupi koti lizimvera. Amalume, apa ndi panu. Mutiboolere mtsuko kunsi, kabowo kakang'ono ngati ka msomali, tiupachike pamwamba pa beseni la madzi kuti uzidontha: tho, tho, tho. Bowo likakula, m'mphindi khumi mtsuko wauma. Mudulenso nsungwi zouma zosalingana kutalika, tizimangirire kumitengo ya denga. Mphepo ya mwezi uno idzaziimbitsa yokha. Zaziwisi siziomba bwino, musabweretse.

Khomo lisakhale lolunjika. Mpanda uzungulire ngati chigoba cha nkhono, munthu ayende pang'ono asanawone zam'kati, avule nsapato, aponde mchenga. Phazi likamva mchenga wozizira, pakamwa pamatsekeka pokha, ndinaziwona kale zimenezi. Mchengawo ukhale wa kumtsinje, wosefa, pamwamba pake mphasa zisanu ndi imodzi.

Zitenje zapadenga, achemwali, mutipezere zakale, zofwifwa, zimene dzuwa lingadutsemo. Koma chonde, pasapezeke cha chipani kapena chokhala ndi nkhope ya munthu. Chimodzi chokha, msasa wonse usanduka bwalo la mtsutso.

Zipanda muziboole timabowo tambirimbiri, m'kati tiikemo tinyale ta sola, usiku kuwala kuziwazikira pa mphasa ngati nyenyezi. Kandulo ayi, koloboyi ayi, fodya ayi. Udzu wa Ogasiti ndi mphepo yake, tonse tikudziwa mmene lupsa limathamangira. Ndowa ziwiri za madzi ndi imodzi ya mchenga zikhale pakhomo, ndipo kumbuyo musiye mpata wina wotulukira, wotchinga ndi chitenje basi.

Iwe mphwanga, udzakhala pakhomopo. Anthu azilowa khumi, ena adikire. Woledzera umubweze mwaulemu, osakangana naye. Wina akagona m'katimo, umusiye agone.

Tsiku limene oimba adzayese zida zawo, tonse tikakhale pansi pamalopo tisanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Ngati sindingamve kudontha kwa mtsuko, tisuntha. Eya, luzi ndalipeza, koma mayiwa akuumirira mtengo, ndiimbenso madzulo.