Kangowe ka Kamisolo ndi Masiku 46: Mlandu wa ku Perugia

(Pa sikirini: misewu yamiyala ya mzinda wa Perugia, kenako kanyumba ka m'mphepete mwa chigwa)

Moni nonse, takulandirani. Lero tiyambe ndi kanthu kakang'ono zedi: kangowe kachitsulo komangira kamisolo kumsana. Kakagwa pansi, mwina mungakasesere kudzala osakaona. Koma ku Italy kanthu kameneka kanathandiza kuti mnyamata wina agamulidwe kukakhala kundende zaka 25. Ndipo kanakhala pansi m'chipinda masiku 46 apolisi asanakatole. Nambala imeneyi muisunge, tibwererako.

Nkhani yake ndi ya Meredith Kercher, mtsikana wa zaka 21 wa ku London, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Leeds. Mu 2007 anapita ku Perugia kukaphunzira kwa chaka chimodzi. Ankachita lendi nyumba ndi atsikana ena atatu: awiri a ku Italy komweko, wachitatu Amanda Knox wa zaka 20, wochokera ku Seattle, ku America. Usiku wa pa 1 Novembala Meredith anaphedwa m'chipinda chake. Mawa lake masana anthu atathyola chitseko, anamupeza pansi atafunditsidwa chofunda, ali ndi mabala a mpeni pakhosi.

Mzinda wa ophunzira, mlendo waphedwa, atolankhani a mayiko atatu adzaza m'misewu. Apolisi anali pampanipani woti apeze munthu msanga.

Maso awo anagwera pa Amanda ndi chibwenzi chake, Raffaele Sollecito, mnyamata wa ku Italy amene anali atadziwana naye kwa sabata imodzi yokha. Chifukwa chake? Poyamba sichinali magazi kapena DNA ayi. Anali makhalidwe. Ankati mtsikanayu sakulira mmene wofedwa amalirira, ndipo makamera anamujambula akupsompsonana ndi Raffaele panja pa nyumbayo. Inu amene munakhalapo pamaliro mukudziwa mmene anthu amayezera misozi ya mnzawo: uyu sanalire, uyu waonjeza. Pasiwa zimathera m'manong'onong'o. Kupolisi zimathera muselo.

(Pa sikirini: foni yakale ya mabatani, uthenga ukuonekera)

Usiku wa pa 5 kuchezera pa 6 Novembala, Amanda anafunsidwa mafunso kupolisi popanda loya, ndipo zokambiranazo sizinajambulidwe. Chitaliyana chake chinali chongoyamba kumene. Apolisi anapeza mu foni yake uthenga umene anatumizira bwana wake, Patrick Lumumba, bambo wochokera ku Congo amene anali ndi bala yotchedwa Le Chic. Bwanayo anali atamuuza kuti usiku umenewo asabwere kuntchito, iye n'kuyankha mawu ofanana ndi akuti "tionana". M'Chingerezi chakwawo kumeneko ndi kutsanzika basi, monga mmene ife timanenera "tionana" kwa munthu amene mwina tikumana naye chaka chamawa. Koma atawalemba m'Chitaliyana, apolisi anawamva ngati pangano lokumana usiku womwewo.

Kunja kusanache, Amanda anasaina chikalata chonena kuti Lumumba ndiye anapha. Tsiku lomwelo analemba pamanja kalata ina yosonyeza kuti akukayikira zimene ananenazo, kuti zikumuonekera ngati maloto. Koma madzi anali atatayika kale. Lumumba anamangidwa, Amanda ndi Raffaele anamangidwa, ndipo apolisi anauza atolankhani kuti mlandu watha.

Mlandu watha, zotsatira za kulabotale zisanatuluke.

Zitatuluka, zinaloza munthu wina amene sanali m'gulu la atatu aja. Pa pilo amene anali pansi pa mtembo panali chidindo cha chikhatho chamagazi. Chinali cha Rudy Guede, mnyamata wa zaka 20 wobadwira ku Ivory Coast koma wokulira ku Perugia. DNA yake inapezeka pathupi la Meredith, pazovala zake, ndi pachikwama chake. Zidindo za nsapato zamagazi zinagwirizana ndi mtundu wa nsapato zake. Masiku ochepa Meredith asanaphedwe anali atagwidwa ku Milan atalowa m'sukulu ya mkaka, ali ndi laputopu yobedwa. Anathawira ku Germany, komwe anamangidwa pa 20 Novembala. Lumumba anatulutsidwa atakhala m'chitokosi masabata awiri, kasitomala wina atachitira umboni kuti usiku umenewo anali naye pabala.

Apa munthu ukanayembekezera kuti apolisi akhala pansi n'kuyambiranso. Sanatero. Anangochotsa dzina la Lumumba n'kuikapo la Guede, nkhani n'kukhala yomweyo: anthu atatu anapha limodzi. Tsono vuto linali lakuti m'chipinda chimene Guede anasiyamo zizindikiro ponseponse, munalibe DNA ya Amanda ngakhale pang'ono. Boma linatsamira pa zinthu ziwiri: mpeni ndi kangowe kaja, kamene kanali ka Meredith.

Tisanazione, timvetsetsane kaye za DNA, chifukwa mafilimu anatipusitsa.

(Pa sikirini: mayi akutuluka m'chigayo, ufa uli mbuu m'tsitsi ndi pachitenje)

Mukapita kuchigayo kukangoperekeza mnzanu, mumabwerako muli mbuu. Simunagayitse, simunagwire thumba, koma ufa uli pamalaya. Mukakwera minibasi, wokhala naye pampando amatsika nawo ufa womwewo, chikhalirecho kuchigayoko sanapondeko. DNA imayendanso choncho. Tsiku lililonse thupi limayoyola timaselo ta khungu, thukuta ndi malovu. Timatsala pachitseko, pathaulo, pakapu, ndipo timatha kuchoka pachitseko kupita pagulovesi la wapolisi, kuchoka pagulovesi kupita pa chinthu china.

Ndiye makina a kulabotale amayankha funso limodzi lokha: kodi timaselo iti n'ta ndani? Sanena kuti tinafika liti, kapena tinafika bwanji. Magazi ambiri, kapena chikhatho chathunthu chodinda m'magazi a wophedwa, zimadzifotokoza zokha: munthu ameneyu analipo magaziwo asanaume. Koma timaselo tikakhala towerengeka, makina amayenera kutichulukitsa kambirimbiri kuti tioneke. Zili ngati kupanga fotokope kalata yofufutika, kenako fotokope ya fotokopeyo: zilembo zimada, inde, koma ndi litsiro lomwe limada. N'chifukwa chake akatswiri amati DNA yochepa chonchi uyenera kuiyeza kawiri kapena kupitirira, m'malo otetezedwa kwambiri, usanaikhulupirire.

A ku Germany anaphunzira zimenezi mowawa. Kwa zaka zambiri apolisi ankasaka mayi wina amene DNA yake inkapezeka pa milandu pafupifupi 40 ku Germany, Austria ndi France, kuphatikizapo kuphedwa kwa wapolisi wamkazi ku Heilbronn. Mu 2009 zinadziwika kuti chigawenga chimenechi kunalibe. DNA ija inali ya mayi wogwira ntchito kufakitale yopanga timitengo tathonje timene apolisiwo ankatengera umboni.

(Pa sikirini: mpeni wakukhitchini uli patebulo)

Tsopano mpeni. Sunapezeke pamalo amene Meredith anaphedwera. Wapolisi anautenga m'dilowa ya kukhitchini kwa Raffaele, poona kuti ndi waukulu ndiponso wotsukidwa bwino. Pachogwirira panali DNA ya Amanda. Zodabwitsa? Ayi, ankaphika m'nyumbamo. Nkhani inali pachitsulo chake, pamene katswiri wa apolisi, Patrizia Stefanoni, anati wapezapo DNA ya Meredith. Koma inali yochepa kwambiri moti makina oyezera kuchuluka kwake anasonyeza kuti yachepa mopitirira. Atayeza ngati pali magazi, sanapezeke. DNA yonseyo inathera pa kuyeza kamodzi, moti panalibe yobwerezera. Ndipo kuyezako kunachitikira mu labotale momwe munkayezedwanso zinthu zambiri za Meredith. Komanso achitetezo cha oimbidwa mlandu anasonyeza kuti mpeniwo unali waukulu kuposa ena mwa mabala, ndiponso kuposa chithunzi cha mpeni wamagazi chimene chinadinda pansalu ya pabedi.

Kangowe kaja ndiye kondiimitsa mutu. Kanajambulidwa pansi m'chipindamo apolisi atangoyamba kufufuza, koma sanakatole. Anabwerera pa 18 Disembala, patapita masiku 46. M'kati monsemo anthu anali atalowa, kusuntha katundu, kufwanyula zovala. Kangoweko kanapezeka pamalo ena, osati pamene kanajambulidwa poyamba. Ndiye pali vidiyo imene apolisi anajambula okha. Mumaona kangowe kakuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo, magulovesi ake ooneka akuda kunsonga za zala, kenako akukaikanso pansi kuti akajambule. Pamene vidiyoyi inaonetsedwa m'khothi la apilo, inawononga umboni wa boma kuposa mawu a loya aliyense.

Pakangowepo panapezeka DNA ya Meredith, ya Raffaele, komanso zizindikiro za amuna ena. Amuna enawo palibe anawaimba mlandu. Ndipo kumbukirani kuti Raffaele ankabwera m'nyumba ya atsikanawo, ndipo m'mawa wa tsiku limene mtembo unapezeka anayesa kuthyola chitseko cha chipindacho. Ufa wa kuchigayo uja.

(Pa sikirini: zaka zikusinthana, 2008 mpaka 2015)

Amati mlandu suola, koma uwu unachita kuzungulira ngati ng'ombe ya pachingwe. Guede anasankha kuzengedwa payekha mwa njira yachidule, ndipo mu 2008 anagamulidwa zaka 30, zimene pa apilo zinatsika kufika 16. Mu Disembala 2009 Amanda anapatsidwa zaka 26, Raffaele 25. Pa apilo, jaji Claudio Pratillo Hellmann anaitana akatswiri awiri oima paokha a pa yunivesite ya Sapienza ku Rome, Stefano Conti ndi Carla Vecchiotti. Iwo anati umboni wa mpeni ndi wa kangowe ndi wosadalirika, ndipo pachitsulo cha mpeni anapezapo sitachi, monga wa zakudya. Kangoweko sakanatha kukayezanso: kanasungidwa molakwika mpaka kanachita dzimbiri. Pa 3 Okutobala 2011 awiriwa anamasulidwa, atakhala m'ndende pafupifupi zaka zinayi.

Koma ku Italy boma limatha kuchita apilo munthu akapezeka wosalakwa. Mu 2013 khothi lalikulu linafafaniza kumasulidwako. Mu Januwale 2014 khothi la ku Florence linawapezanso olakwa, Amanda n'kumuonjezera kufika zaka 28 ndi miyezi 6, iye ali kwawo ku America. Kenako pa 27 Malichi 2015 khothi lalikulu lomwelo linawamasula kotheratu, n'kudzudzula zolakwika zikuluzikulu pa kafukufuku wa apolisi. Linanenanso mfundo yosavuta kumva: munthu sangakolope chipinda n'kuchotsa DNA yake yokha, ya mnzake n'kuisiya, popeza DNA sioneka ndi maso.

Pali amene amathamangira kunena kuti makhothi a ku Italy ndi achabechabe. Ine sindikuvomereza. Makhothi omwewo ndi amene anaitana akatswiri oima paokha, ndipo majaji a kumeneko amakakamizidwa kulemba zifukwa za chigamulo chawo mwatsatanetsatane, n'chifukwa chake tikutha kuona pamene panalakwika. Ku America, komwe ankakuwa kwambiri, anthu mazanamazana atulutsidwa m'ndende patapita zaka, DNA itasonyeza kuti sanalakwe. Chimene chinandivuta ine ndi nyuzipepala. Milandu yakupha ku Italy imaweruzidwa ndi majaji awiri pamodzi ndi anthu wamba asanu ndi mmodzi, ndipo anthuwa madzulo amapita kwawo, kumene wailesi yakanema ikukamba za mlandu womwewo. Nyuzipepala za ku Britain ndi Italy zinatola dzina loti "Foxy Knoxy", limene anzake anapatsa Amanda ali mwana chifukwa cha kaseweredwe ka mpira, n'kulisandutsa dzina la mkazi wachiwerewere. Za ku America nazo zinamujambula ngati mngelo wogwidwa ndi anthu achilendo. Mbali zonse ziwiri zinali zitagamula kale.

Ndipo tisamuyeretse mopitirira. Mu 2019 khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Italy inaphwanya ufulu wa Amanda pomufunsa popanda loya ndi womasulira woyenera, n'kulamula kuti alipidwe ndalama zoposa mayuro 18,000. Komabe mlandu wonamizira Lumumba sunamuchoke: khothi la ku Florence linamupezanso wolakwa mu Juni 2024, ndipo khothi lalikulu linatsimikiza mu Januwale 2025. Lumumba, bambo wosalakwa amene anatengedwa m'nyumba mwake m'bandakucha, bala yake inatsekedwa ndipo bizinesiyo sinadzukenso. M'nkhani zambiri za mlanduwu dzina lake limangodutsa m'mzere umodzi.

(Pa sikirini: chithunzi cha Meredith Kercher akumwetulira)

Guede anatuluka m'ndende mu Novembala 2021, akukanabe kuti sanaphe. Chigamulo chake chimati anapha mothandizana ndi anthu ena, ndipo ngakhale khothi limene linamasula Amanda ndi Raffaele silinachotse mawu amenewo. Akatswiri ambiri amene anaunika umboniwu amati munthu mmodzi akanatha kuchita zonsezo yekha. Koma pamapepala a boma la Italy, mpaka lero, pali wopha mmodzi wodziwika ndi anzake opanda mayina. Banja la a Kercher linakhala likuyenda ulendo wa ku Italy, khothi ili likuwauza izi, linalo likuwauza zina. Bambo ake a Meredith, a John Kercher, anamwalira kumayambiriro kwa 2020. Mayi ake, a Arline, anatsatira patangopita miyezi yochepa.